Ndagwa potuluka m'nyanja silinda ya mpweya ili kumsana, ndinalakwitsa pati?

Kamba_Wofatsa
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu kwa miyezi ingapo, koma lero ndati ndifunse, chifukwa zimene zinandichitikira sabata yatha zikundisowetsa tulo. Ndili ndi setifiketi ya Open Water, yoyambirira ija ya kudayiva (kusambira pansi pa madzi ukupuma mpweya wa m'silinda), ndipo madayivi anga onse 14 ndinachita kuchokera m'boti. Loweruka ine ndi mnzanga tinayesa koyamba kulowa chongoyenda kuchokera pagombe, pamalo pamene makorali (zamoyo zooneka ngati miyala za m'nyanja yamchere) amayambira pafupi ndi kumtunda. Kulowa kunayenda bwino. Pansi pake ndiye musakambe, madzi ofunda, akamba awiri akudya mosatekeseka, tinsomba tachikasu tili yakaliyakali pamwamba pa makorali.

Vuto linabwera pobwerera. Titavuuka tinapeza kuti tili kutali ndi pamene tinalowera, galimoto yathu ikungooneka ngati kadontho. Tinali titatopa, ndiye tinati tingotulukira pompano. Panali miyala yoterera ya ndere. Madzi atafika m'chiuno ndinavula mafini (zipsepse zovala kumapazi), ndinachotsa regulator (chopumira mpweya wa m'silinda) mkamwa, n'kuyamba kuyenda. Funde linandimenya kumsana ndipo ndinagwa chafufumimba. Dzanja linatera pa urchin, tizilombo takuda ta minga itali-itali ngati nungu tija. Ndisanadzuke funde lina linandivundikira, ndinamwa madzi, fini imodzi n'kupita. Madzi ake anali a m'mawondo okha koma ndinalephera kuimirira mpaka mnzanga anandikoka.

Funso langa ndi ili: kodi kulowa kuchokera pagombe n'kwa akatswiri okha? Kapena pali chimene sindinaphunzitsidwe?

Mlongoti
Pepani kwambiri achimwene. Ine maganizo anga ndi akuti bwererani kuboti. M'boti muli munthu amene amakuwerengani polowa ndi potuluka, muli oxygen ya pangozi, ndipo madzi akakukokerani kutali amakutsatirani. Pagombe mumakhala awiriwiri basi. Madayivi 14 ndi ochepa.

Mayi_Kampasi
A Kamba, thokozani kuti mwatuluka ndi minga yokha. Koma sindikugwirizana ndi a Mlongoti kuti mankhwala ake n'kuthawa gombe. Mwa zonse mwafotokozazi ine ndikuona kuti dayivi yanu inasokonekera musananyowe n'komwe.

Ine ndikafika pagombe sindikhudza katundu. Ndimayamba ndaima chilili mphindi 10 kapena 15 kuyang'ana nyanja. Mafunde sabwera mofanana, amabwera m'magulu, angapo akuluakulu kenako nyanja n'kupuma pang'ono. Kupuma kumeneko ndiye khomo lanu, polowa ndi potuluka pomwe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikatero ndimayenda wapansi kukaona pamene ndidzatulukire, osati polowera pokha, ndipo ndimasankhiratu malo achiwiri kumunsi kwa kumene madzi akukokera, kuti zikavuta ndisachite kuganiza ndili wefuwefu.

Tsopano za kusochera kwanu. Musanamire tengani kampasi, lozani kunyanja, sungani nambalayo, ndipo yobwererayo muidziwiretu. Mukafika pamene makorali ayamba kutsetsereka, imani kaye. Onani kompyuta yanu ya pamkono kuti muli pa mamita angati, ndipo pezani chinthu chimene simungachisokoneze ndi china: kanjira ka mchenga pakati pa makorali, chisiponji chachikulu ngati mbiya, chingwe cha buoy (chizindikiro choyandama pamwamba pa madzi). Mukatero tembenukani muchione kuchokera mbali imene mudzabwerere, chifukwa chinthu chomwecho chimaoneka mosiyana ukachidzera kumbuyo. Pobwerera khalani pa kuya komweko ndipo mudzachipeza. Ambiri amasochera chifukwa chizindikiro anachiona pa mamita 8 koma akubwerera pa mamita 14, ndiye amachidutsa chili pamwamba pawo.

Ndipo nthawi zonse yambani molimbana ndi kukoka kwa madzi, kuti pobwerera, mutatopa, madziwo akunyamuleni. Kodi inu munayamba mbali iti?

Kamba_Wofatsa
Amayi, kunena zoona sitinaganizeko. Tinangolowera kumene kunali kosavuta kusambira.

Mayi_Kampasi
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Kosavutako ndi kumene madzi ankapita.

Tsabola_Wofiira
Cholakwa chachikulu palibe wachitchula: regulator munaichotseranji mkamwa? Munthu atha kumira m'madzi a m'mawondo ngati wagwa chafufumimba ndi katundu woposa makilogalamu 20 kumsana. Regulator ndi masiki (galasi lotchinga maso ndi mphuno) zimachoka mukaponda pouma. Palibenso zokambirana apa.

Gogo_Silinda
Tsabola wanena zoona, ngakhale wanena mokalipa. Ndiwonjezepo za mapazi. Nsapato zofewa za m'boti zija sizithandiza pamiyala, pezani mabuti a pansi polimba ndi mafini otsegula kuchidendene. Polowa BCD, jekete yopopa yoyandamitsa ija, ikhale ndi mpweya, mafini m'manja atakolekedwa pamkono, inu ndi mnzanu mugwirane, yendani chammbali kuti funde lisakupezeni mutatambasula chifuwa. Mafini muvale madzi akafika m'chifuwa, pamene madziwo ayamba kukusenzerani silinda. Potuluka, nyanja ikakhala yolusa, musachite manyazi kukwawa. Mafini ali kumapazi, regulator ili mkamwa, kwawani ngati mwana mpaka pouma. Ndakhala ndikudayiva zaka zoposa 20 ndipo mpaka lero ndimakwawa nyanja ikavuta.

A Mlongoti, zoti gombe ndi la akatswiri okha sindivomera. Chilumba cha Bonaire, kumpoto kwa Venezuela, anthu amapitirako kudayiva kwa pagombe kumene. Mphepo imawomba kuchokera kum'mawa, ndiye mbali ya kumadzulo imakhala bata, ndipo makorali ali pafupi kwambiri ndi kumtunda. M'mbali mwa msewu anaika miyala yopaka penti yachikasu yolembedwa dzina la malo. Munthu umangoimika galimoto, kuvala, n'kulowa. Nyanja yozungulira chilumbacho ndi malo otetezedwa kuyambira 1979. Anthu ongophunzira kumene amadayiva kumeneko tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti amayamba ndi malo ofatsa, ndipo dayivi yoyamba imakhala yoyesera katundu ndi mtovu umene timavala kuti timire.

Mlongoti
Agogo, Bonaire ndi Bonaire. Si gombe lililonse lili ndi bata lotero. Inu mukuwalimbitsa mtima, mawa akalowa pamalo pamene madzi amathamangira kunyanja kudzera pampata wa makorali, ndani akawatenge? Ine ndinaonapo anthu awiri akukokedwa pampata wotero madzi akuphwa. Ankapalasa ndi mphamvu zonse kulunjika kumtunda koma ankangobwerera m'mbuyo. Mwayi wawo panadutsa boti la asodzi.

Gogo_Silinda
Apo ndiye mwanena mfundo, ndipo sindikutsutsa. Madzi onse amene mafunde akankhira pamwamba pa makorali amafuna pobwerera, ndiye amathamangira pampata. Pamwamba pamaoneka posalala, popanda thovu, n'chifukwa chake osadziwa amasankha pomwepo. Ukagwidwa usalimbane nawo chamutu, sambira chopingasa motsatira gombe mpaka utulukemo. Komanso tebulo la kudzaza ndi kuphwa kwa madzi lionedwe usiku wake. Koma zonsezi ndi zophunzira, a Mlongoti, si zoletsera munthu.

Nesi_wa_Usiku
Mundikhululukire ndidule nkhani. A Kamba, dzanjalo lili bwanji? Minga ya urchin imathyoka msanga ndipo zidutswa zimatsalira mkati. Zimene zikuonekera kunja zulani ndi kopanira koyera, koma musakumbe ndi singano. Kuviika dzanja m'madzi otentha amene khungu lingapirire, osapitirira madigiri 45, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, kumachepetsa ululu. Timadontho takuda nthawi zina ndi utoto chabe wa mungawo ndipo timazimirira patapita masiku ochepa. Koma ngati munga unalowa pamfundo ya chala, kapena pakutupa, pakutentha, pakutuluka mafinya, pitani kuchipatala lero lomwe. Akafunsenso za katemera wa kafumbata.

Kamba_Wofatsa
Zikomo anesi. Timadontho tambiri tachoka, koma pamfundo ya chala chamkombaphala pakadali potupa ndipo sichikupindika bwino. Ndipita mawa m'mawa.

Nyenyezi_Yammadzi
Mukanavala magolovesi zonsezi sizikanachitika. Ine sindilowa m'madzi opanda magolovesi.

Mphepo_ya_Mwera
Ayi achemwali, pamenepo tisiyane. Munthu wovala magolovesi amagwira chilichonse chifukwa sakumva kuwawa. Ku Bonaire komwe agogo atchula magolovesi saloledwa n'komwe, chifukwa chake n'chomwechi. Anthu ambiri amaona ngati korali ndi mwala. Si mwala. Pamwamba pake pali tinyama tamoyo tating'onoting'ono tokhala ndi kakhungu kopyapyala, ndipo mwalawo ndi nyumba imene tinyamato timamanga pansi pawo. Makorali aja ooneka ngati chulu chachikulu amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka. Ndiye chimene fini yanu yathyola m'kamphindi chinatenga zaka zambiri.

Ndipo kunena mosabisa, ife olowera pagombe ndi amene tili ndi mlandu waukulu pankhaniyi, chifukwa timadutsa m'madzi osaya momwe timakorali tating'ono tikuyamba kumera. N'chifukwa chake kutulukira paliponse, monga anachitira a Kamba, sikupweteka munthu yekha. Polowera pamchenga kapena panjira imene inakhazikitsidwa kale, pomwepo ndiye potulukiranso.

Nyenyezi_Yammadzi
Ine sindigwira makorali. Ndimavala chifukwa cha fire coral, chamoyo chooneka ngati korali chimene chimaotcha khungu, inandiotchapo pamkono mpaka sabata yathunthu ndikukanda.

Mphepo_ya_Mwera
Inakuotchani chifukwa munaikhudza. Mankhwala ake n'kuphunzira kuyandama bwino pakati pa madzi, manja atapindidwa pachifuwa.

Chiphaliwali88
Ine chimene chimandiwawa n'chakuti tikukangana za magolovesi pamene makorali akufa ndi kutentha. Malo amene ndinadayiva zaka zisanu zapitazo ndinabwererako chaka chatha, ndinalira m'masiki momwemo. Makorali anthambi aja, amene kale anali abulawuni nsonga zake zabuluu, anali oyera mbee ngati mafupa, ena atakutidwa kale ndi ndere. Mkati mwa tinyamato mumakhala tizomera tosaoneka ndi maso timene timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo mtundu wa korali umachokera kwa ito. Madzi akatentha kuposa mwa nthawi zonse ndi digiri imodzi yokha kwa masabata angapo, korali imatulutsa tizomerato n'kutsala yoyera, ili ndi njala. Kutentha kukatsika msanga imachira, kukapitirira imafa. Zinachitika padziko lonse mu 1998, mu 2010, kuyambira 2014 mpaka 2017, ndipo mu April 2024 bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linalengeza kuti zachitikanso kachinayi. Ndiye dzanja la munthu mmodzi n'chiyani poyerekeza ndi zimenezi?

Mphepo_ya_Mwera
Korali yodwala kale ndiye yosafunika kuipondanso. Kutentha kwa nyanja sindingakuletse ndekha, koma fini yanga ndingailamulire. Ku Caribbean kulinso matenda odya minofu ya makorali amene anayamba kuoneka ku Florida mu 2014, n'chifukwa chake m'madera ena amapempha kuti katundu atsukidwe ndi mankhwala musanasamukire pamalo ena. Olowera pagombe timasinthasintha malo katatu patsiku, ndiye zimenezi zikutikhudza kwambiri.

Nyenyezi_Yammadzi
Nanga mafuta odzola oteteza ku dzuwa aja? Ndinamva kuti ku Hawaii analetsa kugulitsa amene ali ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira 2021.

Chiphaliwali88
N'zoona, ndipo dziko la zilumba la Palau linayamba kale mu 2020. Ine ndimangovala malaya a manja aatali osambirira ndi chipewa, mafuta pankhope pokha.

Mayi_Kampasi
Abale, nkhani ya makorali ndi yofunika koma mnzathu anafunsa za kutuluka m'madzi. A Kamba, pali chimodzi simunatiuze. Munavuuka ndi mpweya wochuluka bwanji?

Kamba_Wofatsa
Ine ndinali ndi mabar 40 (bar ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), mnzanga 55. N'chifukwa chake sitinathe kumiranso kuti tibwerere chapansi.

NaMpweya
Apa ndiye pagona nkhani. Muja m'boti munazolowera kuti ukafika mabar 50 umakwera, boti n'kukutola. Pagombe mabar 50 amenewo uyenera kukhala nawo utaima pamchenga, osati uli pakati pa nyanja. Ine ndimagawa patatu. Silinda ya mabar 200, gawo limodzi lopitira, lina lobwererera, lachitatu losakhudza. Ndikafika cha m'ma 130 ndimatembenuka, kaya kutsogolo kukuoneka zokongola bwanji. Ndipo amene amalamula kutembenuka ndi amene mpweya ukumuthera msanga, osati amene watsala ndi wambiri.

Gogo_Silinda
Kugawa patatu n'kwabwino koma pamakorali otsetsereka bwino, madzi ali phee, ine ndimatembenuka pa theka. Chifukwa chake ndi ichi. Mamita 10 aliwonse a madzi a m'nyanja amawonjezera bar imodzi pa imene ili pamwamba. Pa mamita 20 ndiye kuti mabar 3, mpweya umatha mofulumira katatu kuposa pamwamba. Pa mamita 5 ndi bar imodzi ndi theka. Ndiye ndikapita pa mamita 20 n'kubwerera pa mamita 6 kapena 5, ulendo wobwerera umadya pafupifupi theka la mpweya umene ndinapitira. Komanso kuima kuja kwa mphindi 3 pa mamita 5 tisanavuuke kumachitika ndikusambira kulowera kumtunda, ndikuona nsomba, m'malo molendewera pachingwe. Ubwino waukulu wa gombe kwa ine ndi umenewu: umakwera pang'onopang'ono motsatira nthaka, thupi n'kupeza nthawi yotulutsa nitrogen, mpweya umene umadzadza m'thupi munthu akakhala pansi pa madzi.

NaMpweya
Masamu anu ndi oona agogo, koma akudalira kuti madzi sasintha. Ine zinandichitikira. Tinapita madzi ali phee, potembenuka tinapeza ayamba kukoka molimbana nafe. Ndinkaona mchenga ukuuluka pansi, ma sea fan, makorali ofewa ooneka ngati chokupizira aja, onse atawerama kuloza kumene tinachokera. Kupuma kunakwera, geji ya mpweya inkatsika ndikuiona ndi maso. Tinafika ndili ndi mabar 30, chikhalirecho ndinatembenuka pa 130. Ndikanadikira theka sindikudziwa. Munthu wa madayivi 14, amene sanadziwebe mmene amapumira akapanikizika, agawe patatu.

Gogo_Silinda
Kwa woyamba kumene ndavomera. Patatu.

Tsabola_Wofiira
Ndipo SMB munali nayo? Chibaluni chachitali chofiira chija. Pagombe palibe boti lanu loteteza pamwamba panu, maboti odutsa sadziwa kuti pansi pali anthu. Osavuuka pakati pa nyanja musanachikweze. Wezulo nayenso akhale pa BCD. Ndiponso kumtunda kukhale munthu wodziwa pamene mwalowera ndi nthawi imene mutuluke.

Mlongoti
Mwaona? Kampasi, SMB, tebulo la madzi, kugawa mpweya, munthu wa kumtunda. Zonsezi m'boti amakuchitirani ena. Ndipo ndiwonjeze: anthu amaganiza kuti pagombe ndiye posaya, n'kutayirira. Ku Dahab, ku Egypt, Blue Hole umalowa chongoyenda kuchokera kumtunda, koma dzenjelo ndi lakuya pafupifupi mamita 100, ndipo lapha anthu ambiri amene ankafuna kudutsa pa Arch, mpata umene uli cha pa mamita 55. Nitrogen imayamba kuledzeretsa munthu cha m'ma mamita 30, ndiye pa 55 ndi silinda imodzi ya mpweya wamba mutu sugwiranso. Malire a Open Water ndi mamita 18, a kudayiva konse kongosangalala ndi 40, koma pagombe palibe wokuletsa.

Mayi_Kampasi
Za Blue Hole ndi zoona. Koma taonani chimene mwanena: m'boti amakuchitirani ena. Ine n'chimene chimandidetsa nkhawa. Ndadayivapo ndi anthu a madayivi oposa 100 amene sangathe kubwerera okha pamene anayambira, chifukwa moyo wawo wonse amangotsatira mafini a wotsogolera. Tsiku limene adzasiyane naye m'madzi avumbi adzatani? Gombe limakakamiza munthu kuganiza yekha. A Kamba agwa kamodzi, koma mafunso amene akufunsa lerowa ena sanawafunsepo.

Kadziwotche_B
Ine ndingoikira umboni za miyala. Ku Tulamben, ku Bali, kuli sitima ya USAT Liberty imene inaphulitsidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Japan mu 1942 n'kukokeredwa pagombe, kenako phiri la Agung litaphulika mu 1963 inatsetserekera m'madzi. Pano yagona pafupi kwambiri ndi kumtunda, mbali ina pa mamita 5, ina kufika cha m'ma 30, yonse yamera makorali. Gombe lake si mchenga, ndi miyala yakuda yobulungira imene imagubuduzika ukaiponda, funde likamabwerera umamva ili gudugudu. Polowa wotitsogolera anandigwira mkono ngati mwana, n'kumati dikira, dikira, tsopano. Masitepe asanu okha tinali tayandama. Potulukanso chimodzimodzi, tinayandama kuseri kwa pophulikira mafunde mwina mphindi ziwiri, iye akuyang'ana kunyanja osati kumtunda. Chimenecho ndinachitola: potuluka maso akhale kunyanja, chifukwa chokugwetsa chikuchokera kumeneko. A Kamba, pezani munthu wodziwa gombe lanulo mulowe naye kawiri kapena katatu, muone pamene iye amaponda.

Nyenyezi_Yammadzi
Funso lapambali: makiyi a galimoto mumatani nawo? A masiku ano ali ndi batire, salowa m'madzi.

Gogo_Silinda
Kabokosi kosalowa madzi kopangidwira kuya, m'thumba la BCD, komangirira ndi chingwe. M'galimoto musasiye chamtengo. Muzisiya madzi akumwa ambiri, chifukwa kuvala wetsuit, chovala chothina chosunga kutentha m'madzi chija, padzuwa n'kusenza silinda kumatulutsa thukuta musanalowe n'komwe, ndipo mpweya wa m'silinda ndi wouma. Wetsuit yo muzimaliza kuvala zonse zikakonzeka.

Nesi_wa_Usiku
Ndipo mukatuluka musathamangire kusenza masilinda kukwera chitunda. Ntchito yolemetsa mukangotuluka m'madzi si yabwino pamene thupi likadali ndi nitrogen. Khalani pansi pamthunzi, imwani madzi, katundu adikire. Nambala ya chithandizo cha pangozi ndi kumene kuli oxygen yapafupi muzidziwe musanalowe, poti apa a Mlongoti akunena zoona, pagombe palibe amene wakunyamulirani.

Kamba_Wofatsa
Ndabwerako kuchipatala. Kachidutswa ka munga kanalidi pamfundo, akachotsa, andipatsa mankhwala ndipo andiuza kuti ndisalowe m'nyanja mpaka bala litapola. Zikomo anesi, mukanapanda kunena ndikanangodikira.

Madzulo ndinapita pagombe paja opanda katundu, ndinangokhala pamwala pafupifupi theka la ola. Ndaona zimene amayi ananena, mafunde anayi kapena asanu akuluakulu, kenako bata lokwanira kuyenda masitepe khumi. Ndaonanso kuti pamene ndinagwera, mamita 30 okha kutsogolo kwake, pali kanjira ka mchenga kolowa mpaka kumtunda. Tsiku lija tinakadutsa osakaona. Ndapeza mphunzitsi wodziwa malowa, tagwirizana kuti chala chikapola tilowe naye kawiri, ndipo tsiku loyamba tidzangoyeserera kulowa ndi kutuluka ndi kampasi m'madzi osaya. A Mlongoti, boti sindilisiya, koma gombeli ndikufuna ndilidziwe.

Funso lina: mtovu wanga ndi womwe ndinkagwiritsa ntchito ndi wetsuit ya mamilimita 5, koma tsiku lija ndinavala ya 3. Kodi n'kutheka kuti ndinalemedwa mopitirira, n'chifukwa chake ndinalephera kudzuka?

Mayi_Kampasi
N'zotheka kwambiri, wetsuit yopyapyala siyandamitsa ngati yokhuthala, ndiye munasenza mtovu wosafunika. Mukadzalowa ndi mphunzitsiyo yesani kumapeto kwa dayivi, silinda ili cha m'ma 50. Tulutsani mpweya wonse mu BCD muli pamwamba, pumani mwachizolowezi. Madzi akhale pamzere wa maso, ndipo mukatulutsa mpweya m'mapapo muyambe kumira pang'onopang'ono. Mukamira ngati mwala chotsani kilogalamu imodzi muyesenso. Nambala imene mupeze muilembe m'buku lanu la madayivi pamodzi ndi wetsuit yake ndi mtundu wa silinda, chifukwa yachitsulo ndi ya aluminiyamu sizifuna mtovu wofanana.